Kusankha mpeni wopinda woyenda nawo m'thumba

Lachiwiri lapitali, ndili pokwerera chapa (minibasi) ku Ulónguè, ndinasolola mpeni kuti ndidule chingwe chimene chinakolana pa matumba a mbatatesi. Mnyamata wokweza katundu anauyang'ana nati, "Amalume, ndikafuna wangawanga ndigule uti?" Funso lomweli anandifunsa alamu anga a ku Furancungo tikusenda mbuzi pamaliro, ndipo mphwanga wa ku Moatize amanditumizira zithunzi za mipeni pa WhatsApp pafupifupi mwezi uliwonse kuti ndimusankhire. Pakamwa patopa, ndiye ndalemba kamodzi. Wondifunsanso ndizingomutumizira izi.

Tiyambe tamvana mawu. M'sitolo za mumzinda wa Tete mukangoti pa Chipwitikizi mukufuna faca, akutulutsirani mpeni wa kukhitchini. Wopindawu amati canivete, ena amati navalha. Pano ndikamati chitsulo ndikunena mbali yodulayo, msana ndi mbali yake yosathwa, msomali ndi pamene chitsulo chimazungulira chikamatsekuka, ndipo loko ndi kanthu kalikonse kamene kamachigwira kuti chisapindike mukugwira ntchito.

1. Werengani zimene mumadula pa sabata

Musanapite kumsika, khalani pansi mukumbukire nthawi zonse zimene munabwereka mpeni sabata yathayi. Ambiri a ife ndi zomwezomwezi: chingwe cha thumba, luzi, mphira womangira katundu panjinga, nzimbe, mango, kusongola kamtengo ka m'dimba, mwina kutumbula nkhuku Loweruka. Ntchito zimenezi sizifuna mpeni woopsa. Zimafuna chitsulo chopyapyala chakuthwa bwino.

Ngati ntchito yanu ndi kudula nthambi, kuwaza nkhuni kapena kuswa mafupa a ng'ombe, siyani kuwerenga, kaguleni chikwanje. Mpeni wopinda uli ndi bondo pakati, ndipo bondo lililonse limathyoka likasenzetsedwa zoposa msinkhu wake.

2. Kukula ndi kaumbidwe ka chitsulo

Chitsulo cha masentimita 7 mpaka 9 n'chokwanira. Popanda choyezera, gonekani zala zinayi pachitsulocho. Chikatalika kuposa zalazo kwambiri, mpeniwo uzikulemerani m'thumba, uziboola buluku, ndipo pakatha mwezi muziusiya pawindo. Mpeni wotsala kunyumba sudula chingwe kumunda.

Sankhani chitsulo chosalala chokhala ndi kamimba kopindikira ku nsonga, chifukwa kamimbako n'kamene kamasenda. Pewani cha manomano ngati sowo. Chimadula chingwe mwamsanga chikadali chatsopano, koma chikabuntha simungachinole pa mwala wamba. Pewaninso zija zopakidwa penti wakuda, zokhala ndi mabowo ndi zithunzi za chinjoka kapena chigaza. Anyamata amazithamangira, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: ndalama yonse inathera pa zokongoletsa, chitsulocho n'chofewa ngati chitini cha sardinha.

Msana usanenepe. Wa mamilimita 2 kapena kupitirira pang'ono ndi wabwino. Wonenepa kwambiri umang'amba mbatata m'malo moidula.

3. Chitsulo chochita dzimbiri kapena chosachita

Pali mitundu iwiri. Wina ndi chitsulo cha kaboni, chonga cha makasu ndi zikwanje zathu. Chimanoleka msanga ngakhale pa mwala wa kumtsinje, chimathwa kwambiri, koma chikagona chonyowa mawa mupeza madontho ofiira. Wina ndi chija amalemba kuti inox kapena stainless. Chimenechi anachisakaniza ndi chromium yosachepera 10.5 peresenti, n'chifukwa chake dzimbiri silichigwira wamba.

Apa malo amene mukukhala ndi amene akusankhireni. Ngati muli ku Songo kapena m'mbali mwa Cahora Bassa, tsiku lonse manja ali m'madzi ndi m'nsomba, gulani inox musaganize kawiri. Chimodzimodzi amene amatuluka thukuta m'dzuwa la mu Okutobala mumzinda wa Tete, chifukwa thukuta lili ndi mchere ndipo limalowa m'thumba. Kuno kumtunda kwa Angónia ndi Tsangano ine ndimakonda kaboni, ngakhale kuti nthawi ya dzinja ndimachita kumpukuta ngati khanda.

Ambiri amadandaula kuti mpeni wa kaboni wada atangosendera mango kapena kudulira ndimu ndi tomato. Kudako si dzimbiri ayi. Ndi khungu limene chitsulo chimavala chikakumana ndi zowawasa, ndipo limathandiza kutchinga dzimbiri lenileni. Musalichotse ndi mchenga. Loipa ndi lofiira lija lokhakhala mukaligwira.

Pa mipeni yambiri yochokera ku China pamakhala timalemba pafupi ndi msomali. Mukaona 3Cr13, ndiye kuti kaboni ndi wochepa, pafupifupi 0.3 peresenti: chinoleka mosavuta koma chibunthanso tsiku lomwelo. 8Cr13MoV ili ndi kaboni pafupifupi 0.8 peresenti ndipo imasunga kuthwa nthawi yotalikirapo. Kungoti kudinda zilembo pachitsulo n'kosavuta kuposa kupanga chitsulo chabwino, ndiye musakhulupirire zilembo zokha.

4. Loko

Chala changa cholozera cha kumanja chili ndi chipsera chopingasa. Ndinkaboola chigubu cha pulasitiki kuti ndilowetse paipi yothirira mbewu, ndi mpeni wonyezimira umene ndinagula tsiku la msika kumalire. Nditakankha ndi nsonga, chitsulo chinangopindika n'kundiluma mpaka ndinaona zoyera. Mlandu unali wa ife awiri: loko inali yabodza, inenso ndinkabaya ndi mpeni wodulira.

Mitundu imene mungaipeze m'misika yathu ndi iyi. Woyamba ulibe loko n'komwe, uli ndi sipuling'i yokha kumsana kwa chogwirira. Ndi mmene ilili mipeni yambiri yofiira ya Victorinox, kampani imene Karl Elsener anayambitsa ku Ibach ku Switzerland mu 1884. Ndi yabwino kwa aphunzitsi, a muofesi ndi okonza mawailesi, chifukwa imabwera ndi kasizasi, chotsekulira mabotolo ndi sikuludiraiva, komanso palibe amene amachita nayo mantha. Koma ndi yodulira chokoka basi. Mukabaya nayo, ipindika.

Wachiwiri ndi Okapi, umene agogo athu ankabwera nawo kuchokera ku Joni. Unayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Okapi wamkulu uja ali ndi kamphete kumsana. Potsekula amalira kuti kerekete, ndipo kuti atsekeke muyenera kukoka kampheteko m'mwamba. Ndi mpeni wa ntchito, wosanyada, wonoleka pa chilichonse. Zovuta zake ndi ziwiri: umabwera usanathwe kwenikweni, ndipo ku Joni komweko unatchuka ndi atsotsi, kotero kuti ena akangomva kulira kwake amayamba kukuonani ndi diso lina. Onamizira Okapi nawonso ndi ambiri pamsika.

Wachitatu ndi Opinel wa ku France, amene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890. Pakhosi pake pali mkombero wachitsulo umene mumaupotoza ukatsekuka, ndipo chitsulo chimakhazikika. Mkomberowu anauwonjezera mu 1955. Opinel wa Nambala 8 uli ndi chitsulo cha masentimita 8.5, ndipo amalembapo Carbone kapena Inox kuti mudziwe mtundu. Pa kusenda ndi kumezanitsa mitengo ya zipatso sindinaone wouposa. Kuno sapezeka wambawamba, nthawi zambiri ndi woitanitsa kwa wachibale wa ku Maputo. Chogwirira chake ndi mtengo, ndiye mvula ya mu Januwale ikaunyowetsa umafufuma, chitsulo n'kukanirira m'kati. Zikatero musachikoke ndi mano. Gogodani kumchira kwa chogwirira pa tebulo, nsonga idzasuzumira yokha.

Wachinayi uli ndi kobanikiza kumsana kwa chogwirira, kumene mumadina ndi chala chachikulu kuti chitsulo chimasuke. Ukapangidwa bwino ndi wolimba, ndipo amanzere amaugwiritsa ntchito mofanana ndi wina aliyense. Wachisanu, umene wadzaza misika masiku ano, uli ndi kachitsulo kopyapyala m'kati mwa chogwirira kamene kamadumphira pansi pa chitsulo chikatsekuka. Kuti mutseke mumakakankhira pambali. Umenewu ndi umene unandiluma. Sikuti yonse ndi yoipa, koma pa yotchipa m'pamene pamakhala chinyengo chambiri, ndipo potseka chala chanu chimadutsa m'njira ya chitsulo.

Uja wodumpha wokha mukadina batani, umene pa Chipwitikizi amati ponta e mola, usiyeni pomwepo. Sipuling'i yake sichedwa kufa, umatha kutsekuka m'thumba, ndipo ndi wovuta kuufotokoza kwa wapolisi.

5. Kuyesa mpeni weniweniwo muli pamsika

Apa m'pamene alangizi ambiri amadumpha. Amakuuzani dzina la mpeni n'kukusiyani. Koma mipeni khumi yotuluka m'katoni imodzi sifanana: itatu ikhoza kukhala yabwino, ina yogwedera, ina ya loko yakufa. Chimene mukugula si dzina, ndi mpeni umodzi umene uli m'manja mwanuwo. Choncho pitani masana kukuwala, muli ndi kansalu m'thumba, ndipo musakhale pa changu cha chapa.

Yambani ndi ulemu. Musangotola n'kutsekula pamaso pa mwini banka (benchi yogulitsirapo). Nenani kuti, "Achimwene, ndingauone bwino? Mundipatseko itatu ya mtundu womwewu." Wogulitsa wokana kuti muyese, mutsazikeni bwinobwino mupite patsogolo.

Uli chitsekere, yendetsani chala pang'onopang'ono pamwamba pa chogwirira cha kunsonga. Nsonga iyenera kubisala yonse m'kati. Ikasuzumira ngakhale pang'ono ngati mpunga umodzi, tsiku lina mudzapisa dzanja m'thumba kufuna makobidi n'kutulutsa magazi. Kenako ugwireni kumchira, muugwedeze mozondotsa. Chitsulo chikayamba kutseguka chokha, ubwezeni.

Usuzumireni m'kati moyang'anitsa kudzuwa. Chitsulo chigone pakati, osati chotsamira khoma limodzi. Chotsamira chimakhala ndi zokalika m'mbali, ndipo chikusonyeza kuti msomali unakhomedwa mokhota.

Tsopano tsekulani ndi kutseka kasanu. Mvetserani ndi khutu komanso ndi chala. Pasamveke mchenga, pasakhale polimba pena pofewa pena. Loko ikagwira imveke kamodzi kuti tha, momveka bwino. Mukatha, yang'anani mbali yakuthwa ngati yatuluka kachibowo kowala pamalo amodzi. Kakakhalapo, ndiye kuti potseka chitsulo chikumenya sipuling'i m'kati, ndipo mudzanola mpaka kalekale malo amenewo osathwa.

Uli chitsekulire, kulungani kansalu kaja kumsana kwa chitsulo, mutsine ndi zala ziwiri cha kunsonga, dzanja linalo ligwire chogwirira. Gwedezani cha kumanja ndi kumanzere. Kugwedera pang'ono kwa m'mbali kumakonzeka. Ngati msomali ndi wokhoma, mumaugoneka pa chitsulo cholimba n'kuugogoda pang'onopang'ono ndi hamala, kuyesa, kugogodanso. Ngati ndi sikuluwu, onani mutu wake: yambiri ndi ya kanyenyezi, ndipo chomangira chake mukachipeza kwa anyamata okonza mafoni. Kenako gwedezani m'mwamba ndi pansi. Uku ndiye kulibe mankhwala. Mukamva kuti chikusewera, loko siikugwira mokwanira, ndipo ikamatha kugwedera kudzangowonjezeka.

Kwa uja wa kachitsulo ka m'kati, tembenuzani muone pamene kaima. Kalowe pansi pa chitsulo ndi thupi lake lonse, koma kasapitirire pakati. Kakangogwira ndi m'mphepete mokha, kadzaterereka. Kakafika kale kukhoma la tsidya lina mpeni uli watsopano, kalibenso kopita, miyezi ingapo chitsulo chiyamba kugwedera.

Chomaliza ndi chimene ndikanachita tsiku lija chala changa chikanapulumuka. Gwirani chogwirira m'mbali mwake ndi nsonga za zala, ngati mukugwira chimanga chootcha chotentha, pasakhale chala chilichonse pa mpata umene chitsulo chimagonamo. Tsamiritsani msana wa chitsulo pa thabwa la banka, mukanikize ngati mukufuna kuutseka osamasula loko. Musamenye, ingokanikizani ndi mphamvu yapakatikati. Wabwino sasuntha. Woipa amagonja pomwepo, wogulitsa akuona, ndipo simufunikanso kukangana naye.

Mwa itatu ija, tengani umene wapambana. Ufumbateni mwamphamvu kwa kanthawi ngati mukusenda nzimbe. Pakapezeka kona yolasa pachikhatho panopa, pa ntchito yeniyeni padzatuluka thuza. Kuthwa kwake musakuwerengere pamsika, chifukwa kumeneko mukakonza nokha. Kukambirana mtengo kubwere pambuyo pa zonsezi, osati patsogolo, apo ayi mukhala mutatsitsa mameticali pa chinthu chimene simuchifuna.

6. Kunola koyamba

Cholakwa chachikulu ndi kuthamangira kwa wa makina onolera zikwanje. Gudumu lija limathamanga, chitsulo chopyapyala chimatentha, ndipo mukaona m'mphepete mwasanduka mobiriwira ngati khosi la nkhunda, chapsa. Pamenepo sipadzasunganso kuthwa mpaka mutadya chitsulo chonse chopsacho. Tupa nayonso ndi ya khasu ndi nkhwangwa.

Pezani mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, umene amagulitsa m'sitolo za zipangizo zomangira. Unyowetseni ndi madzi, muukhazike pa nsalu kuti usayende. Kapendekedwe kake pezani motere: imikani chitsulo chilili pamwala, chipendeketseni theka, kenako thekanso. Pamenepo muli pafupi ndi madigiri 20, ndipo m'pokwanira. Chovuta si kupeza kapendekedweko koma kukasunga. Dzanja likamavinavina, mukungozunguliza mpeni m'malo mounola. Limbitsani mkono, muziyendetsa phewa.

Nolani mbali imodzi yokha, ngati mukufuna kusenda kachikopa ka mwalawo, kuyambira kukhosi mpaka kunsonga. Musatembenuze msanga. Pakapita kanthawi yendetsani chala kuchokera kumsana kutsikira kumphepete, mbali imene sinakhudze mwala. Musayendetse motsata kuthwa, mudzicheka. Mukufuna kumva kachitsulo kopyapyala kopindikira uko, kokanda chala pang'ono. Ine ndimakatcha kandevu. Kandevu kakamveka kuyambira kukhosi mpaka kunsonga, mbali imeneyo yatha. Kakamveka pakati pokha, pitirizani, ndipo nthawi zambiri potsalira ndi pa kamimba ndi kunsonga. Anthu ambiri amene amati mpeni wawo sukuthwa amasiya kandevu kasanatuluke. Pa Okapi watsopano zimenezi zikhoza kukutengerani theka la ola. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tembenuzani, muchite chimodzimodzi mpaka kandevu kabwerere mbali yoyamba. Kenako pitani ku mbali yosalala ya mwala, muzisinthasintha kamodzi uku kamodzi uku, dzanja likupepukirapepukira. Malizani pa lamba wachikopa, kukokera chakumbuyo msana uli patsogolo, kuti kandevu kathothoke. Mukakasiya, mpeni umaoneka wakuthwa pa kudula koyamba, kenako kandevu kamagona n'kukhala ngati simunanole.

Poyesa, lozetsani mbali yakuthwa kudzuwa. Pamene pakunyezimira m'pobuntha, chifukwa pakuthwa penipeni sipabweza kuwala. Kapena tengani tomato wakupsa: mpeni ulowe pakhungu popanda kukanikiza. Mukakhala paulendo wopanda mwala, tembenuzani kapu yadothi ya tiyi, kamkombero kokhakhala ka pansi pake kamadzutsa mpeni bwinobwino.

7. Kuyenda nawo

Mukadulira chonyowa, pukutani pa buluku musanatseke. Kamodzi pa sabata chotsani zinyalala za m'thumba zimene zimadzaza m'kati ndi kamtengo ka machesi, chifukwa zikaunjikana pa loko siigwira mpaka pamapeto. Pa msomali dontho limodzi la mafuta a makina osokera likwanira. Pachitsulo chimene mumadyera pakani mafuta ophikira pang'ono, osati oyilo wakuda wa njinga yamoto. Mpeni si sikuludiraiva ndipo si chotsekulira chitini cha penti. Nsonga zambiri zothyoka zimene ndaziona zinathera pamenepo.

Mpeni wa kumunda ukalowa m'baraka ya mowa, m'bwalo la mpira kapena pasukulu, dzina lake limasintha, apolisi amautcha arma branca, kutanthauza chida chovulazira anthu. Kumalo otero usiyeni kunyumba. Podutsa malire pa Calómuè kapena pa Zóbuè, ukhale m'chikwama pamodzi ndi zipangizo zina, ndipo akakufunsani nenani poyera kuti muli nawo ndi ntchito yake. Pa bwalo la ndege la Chingodzi uikeni m'katundu wopita pansi pa ndege, chifukwa m'chikwama cha m'manja akulandani.

Za kubwereketsa ndilibe nazo malangizo abwino, poti kwathu kuno kukana mpeni pamaliro kapena paukwati n'kudzitengera mbiri. Chimene ndimachita ine n'kufunsa kuti, "Mukufuna kudula chiyani, alamu?" Akati waya kapena fupa, ndimawalozera chikwanje. Akati nyama, ndimawapatsa uli chitsekere, ndimawaonetsa pomasulira loko, ndipo ndimaima pomwepo mpaka atamaliza.